Nyimbo Yothera pa Mlatho

Taipei, 9 Malichi 2004

Achimwene Kun-hai,

Moni kwa inu, kwa alamu ndi kwa atsekwe anu onse. Bambo ali bwanji? Akutafunabe mtedza wawo wa pinlang kuyambira m'mawa mpaka milomo kufiira? Kuno ndili bwino, kungoti mvula ya ku Taipei yandionetsa zakuda, nsapato zanga zonse zachita nkhungu.

Tsegulani phukusilo. Chimbale changa choyamba chatuluka, achimwene! Mundilole ndidzitame pang'ono, poti kwathuko palibe amene adzandichitire zimenezi.

Mukukumbukira kuti pa maliro a mayi ndinali ndi kamakina kojambulira mawu m'thumba? Anthu ankati mwamuna saimbira mkazi wake, aitane gulu lina, koma bambo anakana. Anamanga okha mpango wofiira kumutu, analiza lipenga, n'kuyamba nyimbo yotsogolera mzimu monga achitira pa maliro a anthu ena moyo wawo wonse. Inu munkaimba samhian yanu ya zingwe zitatu, azakhali akuvina ndi mapepala oyaka m'manja. Ndinajambula kuyambira pomwe bambo amaitana mayi ndi dzina, njira yonse ya m'mapiri ija, mpaka pa mlatho. Pamenepo ndinazimitsa, chifukwa inali nthawi yoti ife ana tigwade n'kukuwa kuti, "Mayi, wolokani mlatho!"

Pansi pa mawu a bambo ndaikapo ng'oma zamagetsi, phokoso la sitima, ndi besi yolemera yogwedeza chifuwa. Poti mathero ndinalibe, nyimbo ikafika pa mlatho imabwerera poyamba, bambo n'kuitananso. Imazungulira choncho mpaka kuzilala.

Tamvani zomwe walemba wina wodziwa nyimbo m'nyuzipepala ya kuno: "Ambiri akatenga nyimbo zamakolo amayamba azisambitsa, kuzidzoza mafuta n'kuziveka jekete. Yen Pei-tsen wazibweretsa ndi matope ake kumapazi. Makina ake sakuphimba mawu a mkuluyu, akuwagwadira. Iyi ndi nyimbo yokana kutsanzika." Ndinawerenga ndili pa basi, ndinalira mpaka kupitirira potsikira.

Kusukulu ankatitcha ana a maliro, anzathu osafuna kudya nafe pa tebulo limodzi. Lero mawu omwewo andiitanitsa ku Ulaya, ndinyamuka sabata yamawa. Muziyankha pa keyala ya kampani ya ku Berlin yomwe ili kuseri kwa chimbale. Muwaikire bambo, ndipo mundiuze zonse, ngakhale mmene nkhope yawo inaonekera.

Ndine mlongo wanu,
Pei-tsen

Hsiaying, 23 Malichi 2004

A-Tsen,

Tili moyo. Alamu ako akupereka moni. Atsekwe sapereka moni, amaluma.

Wati ndikuuze zonse, ndiye khala pansi. Titadya masana ndinaika chimbale chako m'wailesi ya alamu ako. Bambo anali pa mpando wawo wansungwi uja. Poyamba ankaseka. "Ameneyo ndine? Ndimalira ngati chitseko chadzimbiri chonchi, anthu n'kumandiitanabe?" Ng'oma zako zitalowa anati, "Kodi tsiku lija kunali mabingu?"

Kenako linamveka dzina la mayi. "Shih Yu-chih, dzukani, tiyeni." Bambo analavula pinlang n'kuimirira, paja mzimu ukaitanidwa munthu sakhala pansi. Ankatsatira njira ndi milomo, phiri ili, chigwa icho. Atafika pa mlatho anakoka mpweya kuti awolotse. Lipenga linaliranso, dzina linaitanidwanso.

"Chimbale chadumpha," anatero.

"Sichinadumphe, bambo. Anachipanga choncho."

Anamvetsera mpaka pa mlatho kachiwiri. Litayambanso lipenga anazula chingwe kukhoma. Sanakalipe, bola akanakalipa. Anandifunsa motsitsa mawu kuti, "Mwanayu akuwaitana amake n'kukawasiya pa mlatho?"

Iwe A-Tsen, unakulira m'nyumba muno. Ukudziwa kuti nyimboyi sitiimba posamba, sitiimba poyeserera, ndipo wophunzira amadumpha malo a dzina. Mzimu ukamva lipenga ndi dzina lake sukana, umabwera. Ndipo amene wautenga pakhomo ayenera kuufikitsa. Bambo anayatsa lubani pa guwa la makolo, anaponya timatabwa toombezera ta poe n'kufunsa kuti, "Yu-chih, muli kwanu kutsidya?" Timatabwa tinakana. Anaponyanso, tinakananso. Madzulo ake sanadye.

Tsopano ndikuuze za ine. Ndinachitenga chimbalecho kukhola la atsekwe n'kuchimvetsera ndekha. Chinthu chako n'chokoma, ndipo kukomako n'komwe kukundiopsa. Besi ija imayenda ngati mapazi a munthu wotopa. Samhian yanga unaichedwetsa mpaka kadontho kalikonse kakumveka pakokha, sindinkadziwa kuti zala zanga zimatha zimenezi. Wa nyuzipepala uja sananame. Koma iye ankamva nyimbo, bambo ankamva akazi awo akuyenda.

Pempho lawo ndi ili. Ng'oma zako sakudana nazo, akuti uzisiye momwemo. Ubwere ndi makina ako, iwo aimbe mlatho ndi kutseka njira, iwe ndi ine tigwade tikuwe, ulumikize kumapeto. Basi. Ndipo usachedwe, mawu awo asasa kuyambira pa chaka chatsopano. Iwo akuti n'chimfine.

China. Bambo akuganiza kuti zimbalezi zilipo ziwiri, chako ndi chathu. Sindinawakonze, ndipo nawe usayerekeze.

Kun-hai

Berlin, 20 Epulo 2004

Achimwene,

Ndikhulupirira nonse muli bwino. Kuno kukuzizira, buledi wake ndi wothyola mano, ndipo ndikulakalaka phala la mpunga la nsomba ngati wodwala.

Kalata yanu yandipweteka, sindibisa. Ndimayembekezera mawu amodzi okha akuti "wachita bwino mwana wanga." M'malo mwake ndalandira timatabwa. Foni sindikuimba dala, ndikudziwa kuti tikangoyamba tikalipirana.

Mayi anawoloka, achimwene. Ndinali pomwepo, tinakuwa mpaka kukhosi kuuma. Zomwe zili pa chimbale ndi mawu chabe. Kodi mukayang'ana chithunzi cha mayi pakhoma ndiye kuti mwawatulutsa m'manda? Timatabwa timagwa mmene tagwera, mawa akaponye adzaona tikuvomera.

Mukuti ndingolumikiza mathero ngati ndikusoka chigamba pa thalauza. Mukaika mlatho, nyimbo yanga yafa. Mphamvu yake yonse ili pa kusafikako. Dzulo titamaliza kuimba, mayi wina wachizungu anandigwira dzanja osafuna kulisiya. Sanamve liwu ndi limodzi lomwe la chiyankhulo chathu, koma anati mwamuna wake anamwalira chaka chatha ndipo wadziwa zomwe mkuluyo akunena. Aliyense ali ndi wake amene safuna kuti awoloke. Kwathuko anthu amalavula malovu gulu lathu likadutsa, kuno holo yonse imakhala zii, mazana a anthu kumvetsera bambo. Zimenezi si ulemu?

Ndipo ndinene zoona, ine mayi ndimawafunabe. Ndikakhala pa nsanja, bambo n'kuitana dzina lija, ndimawamva mayi ali pafupi, mpaka fungo la mafuta omwe ankadzola m'tsitsi. Kumeneko n'kulakwa?

Za mawu osasawo musandiseketse. Ulendo watha linali bondo. Ndinathamanga kuchoka ku Taipei mtima uli m'mwamba, n'kupeza bondo lili bwinobwino ndipo pabalaza pakhala mwana wa wogulitsa mankhwala atapesa tsitsi, akudikira kundiona. Auzeni amwe madzi a jinja, asiye pinlang. Tili ndi zoimbaimba m'mayiko angapo mpaka nyengo yotentha ikubwerayi ithe. Ndikabwera tidzakambirana ngati anthu.

Pei-tsen

Hsiaying, 11 Meyi 2004

A-Tsen,

Moni. Nkhani za kuno si zabwino, ndiye sindizungulira.

Si bondo, ndipo pabalaza palibe wopesa tsitsi. Ndi khansa ya pam'mero. Ndinawakakamiza kupita kuchipatala ku Tainan atayamba kutsamwa ndi phala. Dokotala akuti akachotsa kholingo panopa moyo upulumuka, koma sadzayankhulanso. Akachedwa ataya zonse ziwiri.

Bambo anamvetsera mpaka kumapeto n'kunena kuti, "Adokotala, mudikire kaye. Ndili ndi munthu panjira."

"Ali kuti munthuyo, agogo? Muimbireni foni abwere."

"Wina ali ku Ulaya, wina ali pa mlatho."

Dokotala anandiyang'ana ine ngati ndabweretsa wamisala.

Kalata yako ndinkawawerengera modumphadumpha, koma anandilanda n'kuvala magalasi. Za chithunzi sanazisamale. Za mzungu wako anangoti, "Pepani kwa mayiyo." Koma atafika poti umawamva mayi ali pafupi mpaka fungo la m'tsitsi, anaika chala pamenepo. "Waona? Nayenso akuvomera. Amabweradi." Unkafuna kuwatsutsa, koma wawapatsa umboni ndiwe.

Tsopano akusunga mawu. Akana maliro onse, gulu langokhala, azakhali akugulitsa magwafa pamsewu. M'nyumba amangoloza ndi chala kapena kugogoda pa tebulo. Pinlang asiya, chinthu chomwe mayi analephera kuwasiyitsa moyo wawo wonse. Amamwa madzi a uchi, khosi atalikulunga mpango kutentha konseku. M'mawa amakhala pakhonde kuyang'ana kumsewu wa basi. Akandiona ndikuchokera kukhola amakweza nsidze, ine n'kupukusa mutu.

Za luso lako sinditsutsana nawe, unapita kusukulu ya nyimbo ndiwe. Mwina nyimbo yako ifadi ikawoloka. Ndiye sankha kuti afe ndani. Sindikukupempha kuti usiye ntchito. Ungokwera ndege, ugwade, ukuwe, ubwerere kwa azungu ako. Mawu amene atsala m'khosimo ndi ochepa, ndipo akusungira iwe.

Kun-hai

Hsiaying, 2 Julayi 2004

Pei-tsen,

Sindikudziwa ngati uli moyo, kapena ngati kalata yanga yapitayo unaiwerenga n'kuitaya. Ndinaimba ku kampani yako, wina anayankha m'chizungu, ine ndinatchula dzina lako mobwerezabwereza mpaka anadula. Za makompyuta zako ine sindizidziwa. Ndiye ndikulembanso ngati chitsiru.

Usavutikenso kuthamanga. Zatha.

Mwezi wathawu tinakwera takisi kupita kuchipatala. Woyendetsa anali atatsegula wailesi, pulogalamu ya nyimbo zatsopano. Tili pakati pa minda ya mpunga, linalira lipenga. Ndinalizindikira pompo. "Shih Yu-chih, dzukani, tiyeni."

Woyendetsa analavulira pawindo. "Asa! Za maliro m'galimoto mwanga m'mawa uno? Ana a masiku ano mitu yawo sikugwira!" Anatambasula dzanja kuti azimitse. Bambo anamugwira pamkono kuchokera kumbuyo, galimoto mpaka kukhotera kumbali.

"Madala, mutipha!"

"Musadule," anatero bambo. "Ali pakati pa phiri."

Munthu uja anayang'ana pagalasi, anamva mawu a m'wailesi, anamva mawu a kumbuyo. Anaimitsa galimoto pambali pa ngalande. Nyimbo itafika pa mlatho komaliza n'kuyamba kuzilala, bambo anamasula mpango wa m'khosi, anaumanga kumutu, n'kutsegula pakamwa kuti awolotse okha. A-Tsen, sipanatuluke nyimbo. Panatuluka mphepo yokhayokha, kenako chifuwa, kenako magazi pa malaya. Ine ndinakuwa ndekha kuti "Mayi, wolokani!" m'takisi ya munthu, ngati wopenga. Woyendetsa uja analira.

Ndiye muulutsi anayamba kukutamanda. Akuti chimbale chagulidwa kwambiri, chikulira ku Japan, ku Ulaya, m'malo omwera khofi ku Taipei konse.

Bambo anandikoka malaya. Ndinachita kuika khutu pakamwa pawo.

"Zilipo zingati?"

"Zambiri, bambo."

"Onsewo amawaitana?"

"Onse."

"Wina asanamalize, wina wayamba?"

Amenewo ndi mawu omaliza amene ndinawamva kuchokera pakamwa pawo. Sabata yomweyo mpweya unayamba kuvuta, madokotala anaboola pakhosi n'kuchotsa zomwe akanachotsa kale. Akuti matenda afalikira. Akuwapatsa mankhwala a m'mitsempha omwe akuwasanzitsa.

Ndakwiya nawe, ndipo ndadzikwiyira ndekha. Chondipsetsa mtima kwambiri n'choti ngakhale m'takisi muja, magazi ali pa malaya, khutu langa linkamvabe kuti nyimboyo n'njokoma. Mawu a bambo athu, Yen Tien-lai, tsopano uli nawo ndiwe wekha. Uwasamale.

Kun-hai

Lisbon, 6 Ogasiti 2004

Achimwene anga,

Bambo ali bwanji lero? Akudya? Chonde ndiuzeni kuti akudya.

Makalata anu onse awiri ndawalandira dzulo, pamodzi. Anangokhala m'kabati ku ofesi ya ku Berlin ife tili pamsewu, mpaka wina anakumbukira kuwabweretsa. Ndinatsegula yachiwiri poyamba. Ndinawerenga ndili chiimire pakhomo la hotela.

Ndinaimba foni kunyumba nthawi yomweyo. Wina ananyamula koma sanayankhule. Ndinkangomva kupuma, ngati mluzu wapansipansi. Ndinati, "Bambo? Bambo, ndine A-Tsen." Kupuma kuja kunapitirira, kenako foni inaikidwa pansi pang'onopang'ono. Anali iwo, eti?

Madzulo ake ndinakwera pa nsanja, chala chili pa batani loyambitsira lipenga, ndinalephera kudina. Sindikudziwa ngati ndikukhulupirira zomwe bambo amakhulupirira. Ndikungodziwa kuti sindingathenso kuitana dzina lija. Ndinatsika, anzanga anamaliza okha ndi nyimbo zina. Ndapempha a kampani kuti zimbale zichotsedwe m'masitolo. Akuti zotsalazo mwina, koma zomwe zili m'nyumba za anthu ndi za eni ake.

Ndege zadzaza, mpando ndaupeza wa kumapeto kwa mwezi uno. Ndidzera ku Taipei kutenga makina abwino, mawa lake ndili kwathu. Tikhoza kukonzabe, achimwene. Inu muimbe mlathowo, mwaumva kuyambira muli mwana. Kapena tipemphe mkulu wa gulu lina, bambo aime pambali atamanga mpango wawo. Ndidzatulutsa chimbale china chokhala ndi mathero, nyimbo yanga ife, ndilibe nayo ntchito.

Auzeni kuti ndikubwera. Auzeni kuti andidikire.

Pei-tsen

Hsiaying, 19 Ogasiti 2004

A-Tsen mwana wanga,

Ndine bambo ako. Ndalemba ndekha, upirire ndi zilembo zokhotazi. Kalatayi ndaituma kunyumba kwako ku Taipei kuti uipeze ukamadzatenga makina.

Pa foni paja ndinali ine. Ndinakufunsa kuti wadya? Sunamve.

Makinawo uwasiye. Mchimwene wako zala ali nazo, koma njira saidziwa, akafika pa phiri lachitatu amasochera. Za mkulu wa gulu lina iwala. Amako anatuluka chifukwa anamva mawu anga. Munthu wachilendo sangamutsate, ali moyo sankakwera ngakhale njinga yamoto ya munthu amene sakumudziwa. Ndipo ungatulutse chimbale chatsopano, zakale zija zidzaliralirabe.

Ndachimvetseranso chimbale chako. Ndinayamba ndapepesa amako. Ng'oma zako si zoipa, waziika pomwe phazi limaponda. Anakuphunzitsa ndani? Ine sindinakuphunzitse, ndinkafuna ukhale kutali ndi ntchito yonunkha lubaniyi. Koma belu unaliika mochedwa. Belu limatsogola, munthu n'kutsata. Ukadzapanga china ukumbukire.

Madokotala ndawauza kuti mankhwala awo akwana, ndabwerera kunyumba. Kun-hai wakalipa, waphwanya mbale. Usamuthandize kukalipa, ndipo usaganize kuti ndakwiya. Ndaganiza bwinobwino monga munthu wa ntchito yake. Ngakhale ndikanatha kuimba kuno, mawa wina ku Japan adina batani, amako abwereranso. Kuno sindingathe kanthu. Pofunika munthu woima nawo pomwepo. Lipenga likalira ndidzawagwira dzanja n'kuwauza kuti, "Musapite, ameneyo si ine, ine ndili pano." Akazolowera, tidzawoloka.

Ndaponya timatabwa, ndawafunsa amako ngati angakhale pansi pa mlathopo kundidikira. Avomera koyamba komwe.

Ine musandifunire wonditsogolera. Njirayo ndayendetsamo anthu osawerengeka n'kumabwerera pa mlatho, ulendo uno ndikaona kutsidya kwake. Ntchito yanu ana ndi imodzi, kugwada ndi kukuwa, ndipo imeneyo makina sangakuchitireni. N'chifukwa chake ndikukudikirabe, koma usachedwe m'masitolo kundigulira zinthu, sindimeza.

Tsikulo udzaitane tonse awiri. Uyambe amako, ndipo ukuwe kwambiri, usachite manyazi ndi anthu. Khutu lawo lakumanzere silimva bwino.

Bambo ako,
Yen Tien-lai